Wodwala akagwidwa ndi apolisi: njira zopatukira kuchipatala asanafike ku Chichiri

Lachisanu masana pamsika wa Ndirande, mnyamata wina wagubuduza benchi la tomato, waswa galasi la minibasi ndi mwala, akukuwa kuti pali anthu akumulondola kuti amuphe. Kwawo akudziwa kuti watha milungu itatu osagona, akuyankhula yekha usiku, nsima akukana ati amuthiriramo mankhwala. Pamsika palibe akudziwa zimenezo. Amugwira, amuthidzimula, achitetezo cha m'dera amumanga ndi chingwe n'kukamutula kupolisi. Mwini minibasi akufuna galasi lake, mayi wa tomato akulira mpamba wake, ndipo onse awiri sakulakwa. Chitsanzochi tachipeka, koma wapolisi, namwino kapena kalaliki wa kukhoti aliyense mu Blantyre muno achizindikira.

Kuchoka pakauntala ya polisi njira zilipo ziwiri. Yodziwika ndi iyi: chitokosi mpaka Lolemba, khoti, rimandi kundende ya Chichiri, mlandu woononga katundu. Inayo ndi yoti wina azindikire msanga kuti gwero la chipwirikiti chonsechi ndi matenda, mlandu uimitsidwe kapena uthe mwanjira ina, munthuyo akalandire thandizo pali womuyang'anira. Yachiwiriyi ndiyo a zamalamulo amaitcha kupatutsa.

Kupatutsa si kukhululuka. Galasi lija liyenera kulipidwa, ndipo mayi wa tomato ayenera kumvedwa. Sikungomutulutsanso munthu m'chipinda chokhoma cha ndende n'kukamukhomera m'chipinda china cha chipatala. Ife tikuona chonchi: makomo opatukira alimo kale m'malamulo athu, ambiri ndithu. Chimene chimasowa ndi munthu woyenda naye wodwalayo kuchoka pakhomo lina kukafika pa lina, komanso mankhwala oti akawapeze akafika.

Ndende ndi matenda a muubongo zidayamba kale kuyendera limodzi m'dziko muno. Malo oyamba osungirako odwalawa adatsegulidwa mu 1910 ngati chigawo cha ndende ya Zomba, ndipo owasunga anali oyang'anira akaidi. Chipatala cha Zomba Mental chidaima pachokha mu 1953. Lamulo limene lakhala likuyendetsa nkhanizi, Mental Treatment Act, ndi la 1948, ndipo mpaka mu 2025 m'pamene Nyumba ya Malamulo idavomereza bilu yatsopano yolowa m'malo mwake. Penal Code, buku la malamulo a milandu ndi zilango lomwe tidalandira kwa atsamunda, idaikanso kuyesa kudzipha m'gulu la milandu, pa ndime 229, moti pali anthu amene adachoka pabedi la chipatala n'kukaima m'khoti.

Kundende matendawa amakula. Ndende zathu zimasunga anthu pafupifupi kuwirikiza kawiri chiwerengero chomwe zidamangidwira, ndipo khoti lidanena kale mu 2009, pamlandu wa Gable Masangano, kuti kuthithikana kotereku n'kuphwanya ufulu wa anthu. Wobwera kumene wopanda womudziwa amagona ku shamba, pakati pa selo, chokhala, mnzake atamutsamira kutsogolo wina kumbuyo. Munthu amene vuto lake lalikulu ndi kusowa tulo ndi mantha oti akusakidwa, muikeni pamenepo usiku umodzi wokha. Akayamba kukuwa, anzake otopa amamumenya, nyapala, mkaidi woyang'anira anzake, amamulanga. Chakudya n'kamodzi patsiku, pomwe mankhwala a matendawa ngati chlorpromazine amadzetsa njala, tulo ndi chizungulire. Malamulo a United Nations osungira akaidi, otchedwa Nelson Mandela Rules, a 2015, amanena pa lamulo 109 kuti munthu wodwala muubongo kwambiri, amene ndende ingamuonjezere matenda, asasungidwe m'ndende.

Maola 48 oyambirira

Apa m'pamene pamapulumukira kapena kufera anthu ambiri, choncho tikhalitsapo.

Ndime 42 ya malamulo aakulu a dziko lino imati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, koma nthawiyo ikathera pa tsiku lomwe khoti silikhala, aonekere tsiku loyamba lotsatira lomwe khoti likhale. Wogwidwa Lachisanu madzulo amadikira Lolemba. Ndime yomweyo imati wosungidwa apatsidwe chakudya chokwanira ndi thandizo la chipatala pa ndalama za boma.

Choyamba kudziwa: si aliyense wobwebweta amene ali ndi matenda a misala. Malungo olowa muubongo, matenda oumitsa khosi, kutsika kwa shuga m'magazi, kuvulala m'mutu, ngakhalenso chisokonezo chotsatira kugwa khunyu, zonsezi zimamuchititsa munthu kulalata, kuvula, kumenya anthu. Kwa amene ali ndi HIV ndipo adasiya ma ARV, matenda oumitsa khosi amabwera mwakachetechete, n'kuyamba ndi mutu ndi kusintha khalidwe. Zizindikiro zoti vuto lili m'thupi n'zosavuta kuziona ngakhale kwa munthu wosaphunzira zachipatala: thupi kutentha, khosi kuuma, kusinzasinza n'kumadzidzimuka, kusadziwa komwe ali kapena kuti kunja n'kwacha kapena kwada, chisokonezo choyamba mwadzidzidzi dzulo kapena dzana mwa munthu amene anali bwinobwino. Wotereyu malo ake ndi kuchipinda cha matenda adzidzidzi pachipatala chachikulu cha Queens tsiku lomwelo. Kuyeza malungo pachala kumatenga mphindi 15 mpaka 20, shuga sikufika ndi mphindi imodzi yomwe. Ndipo musaiwale kuti ambiri amafika kupolisi atamenyedwa kale ndi gulu. Munthu amene wamenyedwa m'mutu, kenako wayamba kusanza ndi kugona tulo tosadzutsika, asaganiziridwe kuti ndi mowa chabe.

Chachiwiri ndi mowa, koma osati kuledzera. Choopsa n'kusiya mwadzidzidzi. Thupi la munthu amene amamwa kachasu kapena timabotolo taukali tsiku ndi tsiku lidazolowera, ndipo chitokosi chimamudula mowa kamodzin'kamodzi. Pakatha maola 6 mpaka 24 chimwere komaliza, manja amayamba kunjenjemera, thukuta kamukamu, nseru, mtima kuthamanga. M'masiku awiri oyambawo ena amagwa ngati akhunyu. Tsiku lachiwiri kulowa lachitatu, pakati pa maola 48 ndi 72, ena amasokonezekeratu: amaona tizilombo tikuyenda pakhoma, sazindikira anthu, thupi limatentha. Madokotala amati delirium tremens, ndipo imapha ngati palibe thandizo. Werengani nokha: wogwidwa Lachisanu madzulo amafika poopsapo Lamulungu usiku, nthawi yomwe papolisi pali anthu ochepa ndipo galimoto mwina yatuluka. Thandizo lake silodula. Kuchipatala amapereka diazepam, kawirikawiri mamiligalamu 10 mpaka 20 kangapo patsiku, n'kumachepetsa pang'onopang'ono kwa masiku atatu mpaka asanu ndi awiri, pamodzi ndi thiamine, yemwe ndi vitamini B1, woteteza ubongo. Awa ndi mankhwala opereka wachipatala atamuona munthuyo, chifukwa pa munthu wa chiwindi choonongeka kapena amene mowa udakali m'thupi muyezo umasintha.

N'chifukwa chake mafunso ochepa pakauntala amaposa mafomu ambiri. Kodi uli ndi kabuku ka kuchipatala? Umalandira jekeseni wa pamwezi kapena mapiritsi ena alionse? Mowa umamwa tsiku lililonse, ndipo wamwa komaliza liti? Unayamba waganizapo zodzipha, nanga pano? Tiimbire ndani? Funso la kudziphalo anthu amaliopa, poganiza kuti kulifunsa n'kumupatsa munthu nzeru. Sizili choncho. Woyankha kuti inde asasiyidwe yekha, ndipo lamba, zingwe za nsapato ndi chitenje zichotsedwe.

Kumugwira kwakenso kuli ndi luso. Ayankhule munthu mmodzi, motsitsa mawu, ataima patali pang'ono ndiponso osatseka khomo. Gulu loonerera libalalitsidwe, chifukwa kwa munthu wokhulupirira kuti akusakidwa, khamu lomuzungulira ndi umboni woti zoonadi amupeza. Osatsutsana naye pa zomwe akuona kapena kumva, osamuvomerezanso. Ndi bwino kunena kuti, "Achimwene, ndikuona kuti muli ndi mantha. Pano palibe akukhudzeni. Imwani madzi." Ngati pafunikadi kumugwira, asagonekedwe chafufumimba wina atamukhalira pamsana kapena kumupanikiza pakhosi, chifukwa anthu amafa pobanika chonchi m'mphindi zochepa. Ku Memphis, m'dziko la America, apolisi atawombera ndi kupha munthu wodwala muubongo mu 1987, mzindawo udayambitsa chaka chotsatira gulu la apolisi ophunzitsidwa mwapadera kwa maola 40. Ambiri otengera njira imeneyi amakumbukira maphunzirowo n'kuiwala mbali ina yomwe idaipangitsa kuyenda: padali chipatala cholandira wodwala aliyense wobwera ndi wapolisi, osamubweza, wapolisiyo n'kubwerera kuntchito msanga. Wapolisi amene akudziwa kuti akatha tsiku lonse pamzere kuchipatala amasankha chitokosi, ndipo n'zomveka.

Pamilandu ing'onoing'ono apolisi ali ndi mphamvu zomwe sazigwiritsa ntchito mokwanira. Lamulo loyendetsera milandu, Criminal Procedure and Evidence Code, litakonzedwa mu 2010 lidawapatsa mphamvu, pa ndime 32A, yomuchenjeza munthu n'kumumasula. Pali belo ya kupolisi, yomwe ndi yaulere. Pali ofesi ya Victim Support Unit, komwe abale a mnyamata uja atha kukhala pansi ndi mwini minibasi n'kugwirizana za galasi. Kalata ya apolisi yotumiza munthu ku Room 6, komwe ku Queens amaonerako odwala muubongo, kapena kuchipatala chaching'ono cha Ndirande, Zingwangwa, Limbe kapena Bangwe, itha kutseka nkhani yomwe ikadatha miyezi kukhoti.

Abale nawo ali ndi gawo lalikulu. Pitani kupolisi ndi kabuku ka kuchipatala, timapepala ta mankhwala ngakhale tatha, ndipo lembani papepala tsiku lomwe adayamba kusintha ndi zomwe mwaona. Pemphani kuti zimenezi zilembedwe m'fayilo ya mlandu, chifukwa zongonena pakamwa zimathera pakauntala pomwepo. Funsani ngati pabwera wothandiza pa zamalamulo wa bungwe la PASI kapena CHREAA, kapena pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza pa zamalamulo anthu osakwanitsa kulipira loya.

Mafunso awiri amene khoti limafunsa

Nkhani ikafika kwa majisitireti, anthu ambiri amasakaniza mafunso awiri osiyana.

Loyamba ndi la lero: kodi munthuyu akumva zomwe zikuchitika m'khoti, angathe kuyankha mlandu ndi kudziteteza? Khoti likakayika, ndime 133 ya lamulo loyendetsera milandu lija imalilamula kufufuza, ndipo likapeza kuti sangathe, mlandu umaima kuti ayambe walandira thandizo. Akapeza bwino mlandu umapitirira.

Lachiwiri ndi la tsiku lomwe adapalamula. Penal Code imayamba ndi kuganiza kuti aliyense mutu wake ukuyenda bwino mpaka patapezeka umboni wotsutsa. Ndime 12 imati munthu alibe mlandu ngati panthawiyo, chifukwa cha matenda okhudza maganizo, sankatha kumvetsa chomwe akuchita kapena kudziwa kuti sayenera kuchita. Mpata umenewu ndi wopapatiza. Kukhala ndi kabuku ka ku Zomba pakokha sikukwanira. Munthu wa matenda a misala okhalitsa otchedwa schizophrenia amene waba foni akudziwa bwino kuti akuba amaweruzidwa ngati wina aliyense. Kuledzera kodzifunira nakonso, mwa lamulo, si chodzitetezera.

Khoti likavomereza kuti anali wodwala panthawiyo, ndime 135 ya lamulo loyendetsera milandu lija imati lipereke chigamulo chapadera choti alibe mlandu chifukwa cha misala, n'kulamula kuti akagonekedwe kuchipatala cha odwala muubongo, ndipo litha kuonjezera kuti asatulutsidwe popanda chilolezo cha nduna. Pamlandu wakupha, iyi ndi njira yoyenera. Pamlandu wa galasi la minibasi ndi msampha. Munthu amene akadapatsidwa chilango cha miyezi itatu atha kukhala motsekeredwa nthawi yotalika kuposa pamenepo, popanda tsiku lotulukira, chifukwa kalata yake ikudikira siginecha. Loya wodziwa ntchito amaganiza kawiri asanatchule mawu oti misala pamlandu waung'ono.

Pamilandu yotereyi pali makomo ena abwino. Ndime 337 ya lamulo lomwelo imalola khoti kumumasula munthu, kwathunthu kapena pomuikira zoyenera kutsata, poganizira mwa zina thanzi lake ndi momwe mutu wake ulili. Ndime 339 ndi 340 zimalola kuimika chilango, ndipo zimafuna kuti wopalamula koyamba asathamangitsidwire kundende popanda chifukwa chomveka. Khoti limaloledwa kuyanjanitsa anthu pamilandu ing'onoing'ono, pali chilango chogwira ntchito zachitukuko m'dera, palinso belo yomwe ingakhale ndi mfundo yoti azipita kuchipatala ndi kubweretsa kabuku kosainidwa. Chomwe chimapinga belo nthawi zambiri ndi kusowa womuimira. Wodwala amene wakhala akugona m'makhonde a mashopu a ku Limbe alibe adiresi, alibe mboni, ndiye amakhalira rimandi pamlandu womwe wina wa abale ake akadatulukira tsiku lomwelo. Malamulo ngati a kuyendayenda popanda chifukwa ndiwo akhala akukokolola anthu otere. Khoti lalikulu ku Blantyre lidathetsa mbali ina ya ndime 184 ya Penal Code mu 2017 pamlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene adagwidwa m'bandakucha akupita ku geni yake, koma milandu ina yofanana nayo, monga kuchita zosokoneza mtendere, idakalipo.

Rimandi nayo ili ndi malire. Pamlandu wozengedwa kwa majisitireti, munthu sayenera kusungidwa masiku oposa 30 mlandu usanayambe, ndipo pamilandu ikuluikulu monga kupha ndi masiku 90, pokhapokha khoti litaonjezera. Wodwala sawerenga masiku, sadandaula, salemba kalata. Ichi n'chifukwa chake makhoti oyenda, pamene majisitireti amakakhala m'ndende momwemo kuunika mafayilo, ali ofunika kwambiri kwa anthu awa kuposa wina aliyense.

Tsopano tione ulendo wa lipoti la dokotala, poti apa m'pamene miyezi imathera. Khoti lalamula kuti munthu akapimidwe. Pafunika galimoto, mafuta ndi asilikali a ndende omuperekeza ku Zomba, mtunda wa makilomita pafupifupi 65. Kumeneko wopima amafuna mbiri ya munthuyo, ndipo mbiri ili ndi mayi ake ku Ndirande omwe sadauzidwe n'komwe kuti mwana wawo wapita. Amafunanso kudziwa zomwe akuti adachita, koma nthawi zina amangolandira kapepala ka mzere umodzi koti mupimeni mutu. Lipoti likalembedwa liyenera kubwerera kukalowa m'fayilo yoyenera. Chilichonse mwa izi chikaphonyeka, mlandu umangoimitsidwa mwezi ndi mwezi. Chikalata chabwino cha khoti chimatchula mafunso oti dokotala ayankhe, chimatumiza chidule cha mlandu ndi nambala ya m'bale, chimatchula amene anyamule lipoti, ndipo chimaika tsiku loti nkhaniyo ibwerenso kukhoti, lipoti lafika kapena ayi. Milandu ing'onoing'ono siyeneranso kudikira Zomba pomwe mu Blantyre muli madokotala a muubongo ku Queens ndi ku Kamuzu University of Health Sciences.

Pali chozungulira china chomvetsa chisoni. Munthu wagonekedwa ku Zomba, walandira mankhwala, pakatha milungu inayi kapena isanu ndi umodzi wakhala bwino, dokotala walemba kuti atha kuyankha mlandu. Abwerera ku rimandi ndi mapiritsi a mwezi umodzi. Tsiku la mlandu lachedwa, mapiritsi atha, matenda abwerera, ndipo akaonekera kukhoti akubwebwetanso. Zonse ziyambirenso.

Chamba, kachasu ndi zomwe maiko ena adayesa

Nkhani ya mankhwala ozunguza bongo ndi yovutirapo, chifukwa anthu ambiri amamvera chisoni wodwala misala koma chidakwa amati n'chodzifunira. Kuyamba kumakhaladi kodzifunira. Koma thupi likazolowera, chibaba chimaposa mantha a ndende, ndipo ichi n'chifukwa chake munthu amatuluka ku Chichiri n'kuyambira kwa mayi wa kachasu asanafike kwawo.

Kupezeka ndi chamba ndi mlandu pansi pa Dangerous Drugs Act. Lamulo la 2020 lidaloleza kulima chamba cha mafakitale ndi cha mankhwala kwa okhala ndi chiphaso, osati kusuta. Komabe wonyamula matumba pa lole ndi mnyamata wopezeka ndi ndudu ziwiri m'thumba si anthu amodzi, ndipo kupatutsa kumakhudza wachiwiriyu. Chamba chilibe mankhwala ochotsera chibaba. Wosiya amavutika ndi kusowa tulo, ukali ndi kusafuna kudya kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kenako zimatsika. Chimene chimathandiza ndi uphungu wobwerezabwereza, kusintha anzake ocheza nawo, ndi kukhala ndi chochita masana. Ena chamba chimawasokoneza mutu kwa masiku kapena milungu ingapo n'kubwerera mwakale akasiya. Ena chimavundukula matenda okhalitsa. Poyamba n'kovuta kusiyanitsa, ndiye mawu oti "n'chamba basi" asatseke njira ya kuchipatala.

Khoti loyamba loona za anthu ogwidwa ukapolo ndi mankhwalawa lidayamba ku Miami, m'dziko la America, mu 1989, ndipo lodziwika loyamba la odwala muubongo lidatsegulidwa ku Broward, m'chigawo chomwecho cha Florida, mu 1997. Kayendetsedwe ka makhoti a mankhwala ozunguza bongowa ndi kotere: woweruza mmodzi amamuona munthuyo pafupipafupi, poyamba sabata iliyonse kapena ziwiri, kwa chaka kapena kupitirira, amapimidwa mkodzo, akachita bwino amayamikiridwa pamaso pa anthu, akaphonya amalandira chilango chaching'ono msanga, akamaliza mlandu umafufutidwa kapena chilango chimachepetsedwa. Kafukufuku wophatikiza zotsatira za makhoti ambiri otere adapeza kuti kupalamulanso kumatsika kuchoka pa anthu 50 mwa 100 kufika pa 38. Ndi phindu lenileni, ngakhale si chozizwitsa. Zofooka zake n'zodziwikanso. Ambiri mwa makhotiwa amafuna munthu avomere kaye mlandu, ndiye wolephera pulogalamu amakalandira chilango chachikulu kuposa akadangoweruzidwa poyamba. Ena amasankha anthu osavuta kuti ziwerengero zioneke bwino. Ena amalanga kuyambiranso kumwa ngati kuti ndi mwano, chonsecho mwa anthu olandira thandizo la vutoli, 40 mpaka 60 mwa 100 amagwanso panjira asanaime.

Dziko la Portugal mu 2001 lidachotsa m'gulu la milandu kupezeka ndi mankhwala osapitirira muyezo wa masiku khumi. Wogwidwa amakaonekera ku kagulu ka anthu atatu, a zamalamulo, zaumoyo ndi zachisamaliro cha anthu, ndipo boma lidaika ndalama zambiri m'zipatala nthawi yomweyo. Chigawo cha Oregon ku America chidavotera zofananako mu 2020, koma malo othandizirako anthu adachedwa kukonzeka, anthu adatopa ndi zomwe ankaona m'misewu, ndipo mu 2024 lamulo lidabwezedwa. Pafupi nafe, ku Gauteng m'dziko la South Africa, odwala muubongo oposa chikwi adasamutsidwa mu 2016 kuchoka m'zipatala za Life Esidimeni kupita ku timabungwe topanda ziphaso zoyenera ndi zipangizo, ndipo 144 adamwalira. Kumuchotsa munthu pamalo oipa si thandizo ngati komwe akupita kulibe kanthu.

Kuno kwathu malo ogonera anthu ofuna kusiya mowa ndi chamba ndi ochepa. A St John of God ali ndi ntchito imeneyi ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo ku Zomba Mental ambiri ogonekedwa, makamaka anyamata, vuto lawo limakhudza chamba kapena mowa. Koma ambiri safunika bedi. Akadutsa sabata yoyamba yoopsa ija, chofunika ndi munthu wokumana naye sabata iliyonse ndi gulu la anzake olimbana ndi vuto lomwelo. Mipingo ndi mizikiti ili ndi zipinda, anthu ndi chikhulupiriro cha mabanja, ndipo itha kuthandiza kwambiri. Malire ake ndi awiri: pasakhale kumanga munthu unyolo kapena kumusalitsa kudya mokakamiza, ndipo pasakhale womuuza kuti ataye mankhwala poti wapemphereredwa.

Pomwe chingwe chimadukira

Tibwerere kwa mnyamata wa ku Ndirande. Tinene kuti zonse zayenda: majisitireti wamumasula pa mfundo yoti azilandira thandizo, amalume ake alonjeza kulipira galasi m'magawo atatu. Ntchito yeniyeni ikuyamba tsopano.

Mankhwala a matendawa, haloperidol, chlorpromazine kapena risperidone, amatontholetsa munthu m'masiku ochepa, koma mawu omwe amamva ndi zikhulupiriro zachilendo zimatenga milungu iwiri mpaka isanu ndi umodzi kuti zizilale. Wodwala koyamba amapitiriza kumwa pafupifupi chaka atachira, ndipo amene zabwerera kangapo amamwa zaka zambiri. Ambiri amasiya mwezi wachiwiri kapena wachitatu, pazifukwa zomveka. Ena akuona kuti achira. Ena mankhwala akuwaumitsa thupi, manja akunjenjemera, dovu likutuluka, akuyenda ngati chidole, anzawo akuwaseka. Ena khosi limapindika kapena maso kutembenukira m'mwamba m'masiku oyambirira, banja n'kuthamangira kwa sing'anga poganiza kuti alodzedwa. Zonsezi zili ndi yankho: kuchepetsa muyezo, kusintha mtundu, kapena kuonjezera benzhexol, yemwe ambiri amamudziwa kuti Artane. Koma yankholo limafika pokhapokha wina atamufunsa wodwalayo ndi kumukhulupirira. Akuluakulu adati wamisala adaona nkhondo. Akanena kuti mankhwala akumupweteka, nthawi zambiri akunena zoona.

Kwa woiwalaiwala kapena wokana mapiritsi pali jekeseni wa fluphenazine, wobaya kamodzi pa milungu inayi kwa ambiri, atayamba ndi muyezo wochepa woyesera. Ubwino wake pankhani ya kukhoti ndi woti tsiku lobayitsa limalembedwa m'kabuku, ndiye aliyense atha kuona ngati wabwera kapena ayi. Wachipatala auzidwenso mankhwala ena onse omwe munthuyo akumwa. Carbamazepine, yemwe amaperekedwa pa khunyu ndi matenda osinthasintha mtima, amachepetsa mphamvu ya dolutegravir, amene ali m'ma ARV omwe anthu ambiri akumwa masiku ano, ndipo sodium valproate ndi woopsa kwa mwana wosabadwa.

Dziko lino likudziwa kale kulondola odwala. Wa ma ARV akajomba tsiku lake amaimbiridwa foni, kenako wina amapita kunyumba. Wa TB amakhala ndi womuyang'anira akamamwa mankhwala. Palibe chifukwa choti wodwala muubongo amene khoti lamupatutsa asalondoledwe chimodzimodzi: dzina lake lipite kwa namwino woona za matendawa pachipatala chapafupi, mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo adziwe nyumba yake, ndipo akajomba, wina amufunefune sabata yomweyo, osadikira kuti aswenso galasi lina. Magulu ngati MeHUCA, a odwala ndi owasamalira, amathandiza mabanja kuona kuti si iwo okha. Ndalama ya minibasi ya anthu awiri, wodwala ndi gadiyani, mwezi ndi mwezi, iwerengedwe poyambirira pomwe, chifukwa ndi imene imagwetsa mabanja ambiri. N'chifukwa chakenso chipatala cha pafupi chimaposa cha patali chokhala ndi akatswiri.

Tisabise mbali ina. Ochuluka mwa odwala muubongo sachita zachiwawa, ndipo amachitiridwa nkhanza kuposa momwe amachitira ena. Koma matenda osalandira thandizo akaphatikizana ndi mowa kapena chamba, ngozi imakwera, ndipo wovulala kawirikawiri ndi wa m'nyumba momwemo, mayi, gogo kapena mkazi wake. Khoti lisangofunsa kuti, "Mayi, mumulandira mwana wanu?" pamaso pa gulu, poti palibe mayi angakane pamenepo. Afunsidwe paokha ngati akuopa, ngati adaopsezedwapo ndi mpeni kapena chikwanje, ngati pali mwamuna wamkulu pakhomo kapena woyandikana naye woti angamuitane usiku. Amene wavulaza munthu kwambiri, kapena amene mawu akumuuza kuti aphe munthu wina womutchula dzina, malo ake ndi chipatala chotetezedwa mpaka atakhazikika, osati kunyumba.

Mbali inanso ndi kusapatutsa anthu osafunika kupatutsidwa. Munthu amene apolisi akadangomuchenjeza n'kumusiya asapezeke womangika chaka chathunthu ku mfundo za khoti chifukwa choti ali ndi kabuku ka ku Room 6. Nthawi yomuyang'anira isapose chilango chomwe akadalandira, ndipo iye mwini, mutu ukakhazikika, afotokozeredwe m'Chichewa chomveka zomwe akuvomera ndi zomwe zingachitike akalephera.

Patsiku lobwerera kukhoti, majisitireti atsegule kabuku kaja aone masiku. Ngati pali mwezi wopanda jekeseni, afunse chifukwa asanagamule. Zimachitika kuti munthu wapita tsiku lake, wakhala pamzere kuyambira m'mawa, n'kuuzidwa kuti mankhwala atha, akagule ku famase, pomwe m'thumba ali ndi ya minibasi yokha. Gadiyani apemphe namwino kuti alembe m'kabukumo kuti wodwala anabwera koma mankhwala kunalibe, asaine ndi kudinda chidindo, ndipo afunse ngati pali mtundu wina woti ayambe wamwa podikira.